Lipoti la ana 9 a bakha wam'tchire amene anavuulidwa m'ngalande ku South Bend

Mmene anafikira

Kumapeto kwa Meyi, Lolemba m'mawa, pamalo athu osamalira nyama zam'tchire zovulala ndi zamasiye panafika katoni ya nsapato muli ana a bakha 9. Malowa ali kunja pang'ono kwa mzinda wa South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Ine ndimathandiza m'chipinda cha mbalame za m'madzi, pansi pa mayi amene ziphaso za boma zili m'dzina lawo. Wobweretsa katoniyo anali Mmalawi mnzanga amene amakhala ndi banja lake kufupi ndi mtsinje wa St. Joseph, ndipo anaimbira ine poyamba chifukwa amadziwa kumene ndimagwira.

"Achemwali, tinthu tija tikufa. Sitikudya, tikungodumpha usiku wonse. Abakha kumudzi ndaweta ine, koma otere sindinawaonepo."

Loweruka m'mawa bakha wamkazi ankaolotsa ana ake msewu kulowera kumtsinje. M'mbali mwa msewuwo muli chitsulo chamipatamipata chotsekera ngalande ya madzi amvula. Make anaponda n'kudutsa, ana anayamba kugweramo mmodzimmodzi. Anthu anasonkhana, wina anatukula chitsulocho, wina anavuula anawo ndi kaukonde. Nthawi yonseyi make ankazungulira chapafupi akulira, koma anthu atachuluka, ana akukuwa, mafoni ali m'mwamba, anauluka ndipo sanaonekenso. Banjalo linatenga anawo chifukwa cha chisoni. Anawaika m'bafa, anathiramo madzi ofika m'akakolo kuti azisambira, anawanyenyera buledi ndi mpunga wophika, ndipo ana a m'nyumbamo ankasinthana kuwanyamula. Anagona choncho usiku uwiri.

Bambowo sindinawadzudzule, popeza akanapanda iwo anawo akanafera m'ngalande. Koma m'lipoti muyenera kulembedwa kuti mpata waukulu unali pa ola loyamba lija. Akanaika ana m'katoni yosatseka pa udzu, anthu onse n'kufutukira kutali ndi kukhala chete, make akanatsika, chifukwa bakha amatsata kulira kwa ana ake.

Kuwazindikira ndi kuwapima

Ana a bakha ambiri amene timalandira ndi a mtundu wa mallard. Mwana wa mallard amakhala wachikasu kumaso, ndipo mzera wakuda umadutsa m'diso kuchokera kumlomo mpaka kunkhongo. Awa nkhope zawo zinali zotuwira, mzera unkayambira kuseri kwa diso basi, ndipo zikhadabo zawo zinali zakuthwa zokola m'tawulo. Anali ana a wood duck, bakha woikira m'mphako za mitengo, amene asayansi amamutcha Aix sponsa. Tinayang'ananso ngati panali mwana wa hooded merganser, chifukwa bakha ameneyo nthawi zina amaikira m'chisa cha wood duck ndipo ana amaswa pamodzi, koma chakudya chawo n'chosiyana. Panalibe.

Mtundu umasintha zonse. Mwana wa mallard ukamuikira mbale amadya tsiku lomwelo, pamene wa wood duck amatha kufa ndi njala ataponda m'mbale yodzaza. Thadzi lake limaikira mazira 10 kapena 12, nthawi zina kuposa pamenepo, m'mphako ya mtengo, ndipo limafungatira pafupifupi masiku 30. Ana akaswa amagona m'mphakomo usiku umodzi wokha. M'mawa make amatsika, amaunguza ngati kuli bwino, n'kuyamba kuitana chapansipansi. Anawo amakwera khoma la mphako ndi zikhadabo zija, amafika pakhomo n'kudziponya pansi, ngakhale kuchokera pa mamita 15, osapweteka chifukwa cha kupepuka. Kenako amatsata make kumadzi, ulendo umene ukhoza kufika makilomita 2. Ndiye mwana wotere akapezeka m'chinthu chokhala ndi makoma amangodziwa kukwera, kutuluka ndi kufunafuna mawu a make. M'bafa muja ankachita zomwezo, kudumpha ngati mbuliwuli m'chiwaya mpaka mphamvu kutha.

Bambo aja kudabwa kwawo kunali komveka. Abakha aakulu ofiira kumaso amene timaweta m'midzi kwathu, a mtundu wa Muscovy, nawonso kwawo ndi mbali ino ya dziko, chakumwera, ndipo am'tchire ake amaikiranso m'mphako. Koma anthu akhala akuwaweta zaka mazanamazana, mantha anawathera kalekale. Wood duck wam'tchire mantha ake akadali athunthu.

Pa sikelo wolemera kwambiri anali ndi magalamu 24, wopepuka 19. Mwana wa mtundu uwu amaswa ali ndi magalamu pafupifupi 25, kutanthauza kuti onse ankatsika m'malo mokwera. Kadzino ka pansonga ya mlomo, kamene amabowolera dzira, kanali katagwa. Tinawayerekeza masiku atatu chiswereni. Mwana wa bakha amaswa ali ndi kachikasu ka dzira kotsala m'mimba, kamene kamamusunga masiku awiri kapena atatu, ndipo kwa awa kanali katatha. Awiri anali onyowa mpaka pakhungu, ozizira m'manja, maso otsinzina, mitu ikugwera kumbuyo. Mmodzi anali ndi bala pansonga ya mlomo chifukwa chomenyetsa khoma la bafa. Otsalawo anali ndi mphamvu zothawa.

Tsiku loyamba

M'chipinda chathu mbalame yozizira sidyetsedwa, chifukwa m'mimba mwake simugaya ndipo ikhoza kutsamwa. Awiri ofooka aja analowa m'chofungatira chamagetsi pa madigiri 35, ndipo atayamba kudzutsa mitu dokotala wa zinyama anawabaya madzi pansi pakhungu. Ena 7 tinawaika m'bokosi lakuya la pulasitiki, pansi tawulo losatuluka ulusi, pamwamba chivundikiro cha sefa yofewa chomangidwa zolimba. Chivundikiro si chonyozera: amakwera ngakhale pakona ya katoni, ndipo kampata kolowa zala ziwiri n'kokwanira kutulukira. Kumbali imodzi tinaika chotenthetsera chathyathyathya chimene ana amalowa kunsi kwake, ndi chopukutira fumbi cha nthenga cholendewera kuti azibisalamo. Bokosi lonse tinalifunditsa nsalu, n'kusiya mbali imodzi yolowera kuwala.

Anakhala m'chipinda chaokha. Kuyambira 2022 chimfine cha mbalame cha H5N1 chafalikira m'mbalame zam'tchire m'dziko lino, ndipo abakha amatha kuchinyamula osaoneka kudwala. Wolowa amasintha nsapato ndi kuvala magolovesi, ndipo mbale za m'chipindamo sizituluka.

Mmodzi mwa ofooka aja anafa usiku womwewo, winayo m'mawa mwake. Anthu amadabwa kumva kuti mwana wa bakha amafa ndi madzi. Kutchire amasambira pang'ono n'kubwerera kunsi kwa make kukauma ndi kufundidwa. Wopanda make, ubweya wake ukangoda ndi chakudya kapena mafuta a m'manja mwa anthu umayamba kulowa madzi, ndipo kathupi ka magalamu 20 sikachedwa kuzizira.

Kuwayambitsa kudya

Ntchito yonse ya wood duck ili pano. Masabata oyamba kutchire amadya tizilombo ta m'madzi, tintchentche, tinkhono ndi zina zoyenda, ndipo maso ake amafuna chinthu chogwedezeka. Chakudya cha m'thumba chongokhala phee m'mbale iye sachiona ngati chakudya.

M'kambale kosaya tinathira madzi ochepa, tinaikamo timiyala kuti asanyowe thupi lonse, pamwamba n'kuwaza duckweed, timasamba ting'onoting'ono toyandama m'zithaphwi, pamodzi ndi tinyenyeswa ta chakudya cha ana a bakha. Pambali tinaika mphutsi zoweta, zija amati mealworm, zing'onozing'ono ndi zamoyo kuti ziziphiriphitha, ndi tinkhululu tochepa. Chakudya china tinachinyowetsa n'kuchimata pakhoma la bokosi pa msinkhu wa mitu yawo, popeza mwana wodumphira khoma amajompha chimene chili pakhomapo. China tinawawaza pamsana kuti podzikonza ubweya alawe. Pamwamba pa kambale tinapachika botolo lodontha pang'onopang'ono kuti madzi azigwedezeka.

Kenako tinatuluka, ndipo ichi ndicho chovuta kuphunzitsa antchito odzipereka atsopano. Munthu akamva tiana tikulira mtima umamukoka kuti asuzumire, koma akangovundukula nsalu onse amasiya zimene amachita n'kuyambiranso kudumpha, ndipo sakhazikika msanga. Timawaonera pa kamera kakang'ono. M'chipindamo simulankhulidwa, foni siliramo, ndipo kupima pa sikelo ndi kamodzi patsiku, mwachangu, pa nthawi yosinthira tawulo.

Tsiku loyamba lonse palibe anadya. Lachiwiri amayi a ziphaso aja analamula kuti tiikemo mphunzitsi, mwana wa mallard wa masiku ochepa amene anabwera yekha sabata yomweyo ndipo ankadya kale bwino. Kusakaniza magulu m'nyengo ya chimfine si kochita mwachisawawa, chifukwa kunatanthauza kuti onse 8 akhala gulu limodzi lotsekeredwa mpaka mapeto. Iwo anaona kuti njala iwapha msanga kuposa matenda amene palibe ankaonetsa zizindikiro zake, ndipo ine ndinavomerezana nawo.

Mallard uja atangolowa analunjika kumbale, kusefa madzi ndi mlomo, kuthamangitsa nkhululu pakona. Pa kamera tinaona mmodzi wa wood duck akusiya khoma, akupendeketsa mutu. Anayandikira, anatsomphola mphutsi imene inkalendewera pamlomo pa mnzakeyo, inagwa, anaitolanso, anaipukusa n'kumeza. Anaima kaye ngati wadabwa, kenako anafunafuna ina. Pofika madzulo 4 ankadya, m'mawa mwake 6.

Uja wa bala pamlomo sanayambe. Tinamudyetsa ndi kapaipi kofewa kolowetsa kukhosi, pang'onopang'ono, koma kumugwira kulikonse kunkamuwonjezera mantha ndipo sikelo inkangotsika. Anafa pa tsiku lachinayi. Kwa mtundu uwu ndaona kuti kapaipi kamangotalikitsa masiku ngati mwanayo sayamba kujompha yekha.

Pakati pa oweta abakha awa pali chikhulupiriro chakuti mwana wa wood duck sadya mpaka atagwa kaye, ndiye amamunyamula n'kumugwetsera pa udzu kapena pa pilo kuti aziyesa watuluka m'mphako. Ena amachita kulumbira kuti zimagwira. Kwa ana oswedwa ndi makina munthu angayese. Athuwa anali atagwa kale kawiri, mumtengo ndi m'ngalande, ndipo sitinaone chifukwa chowagwetsera kachitatu.

Kukula

Atayamba kudya zinthu zinayenda ngati kwa bakha wina aliyense. Kutentha tinkakutsitsa madigiri 3 sabata iliyonse. Chakudya chinali cha ana a bakha, cha zomanga thupi 20 pa 100, osati cha anapiye a nkhuku, chimene vitamini B3 wake ndi wochepa kwa bakha ndipo miyendo imatha kupindika. Mphutsi tinkazichepetsa, masamba oduladula n'kumaonjezera. Sabata yachiwiri anayamba kusamba m'madzi ofunda mphindi zochepa, pali kathabwa kotulukira, kenako kukauma kunsi kwa chotenthetsera. Zoyala pansi zinkasinthidwa zisanayambe chinyezi, chifukwa chuku cha m'zinyalala zonyowa chimabweretsa nthenda ya m'mapapo ya aspergillosis.

Sabata yachinayi anasamukira kukhola lapanja lotchinga ndi pamwamba pomwe, muli dziwe, nthambi zoterapo ndi masamba obisalamo, ndipo zomanga thupi zinatsitsidwa kufika 16 pa 100. Mmodzi nsonga ya phiko lamanzere inayamba kupotokera kunja nthenga zazikulu zikumera, vuto limene limabwera nthenga zikalemera mafupa asanakhwime. Dokotala analimanga ndi bandeji masiku ochepa ndipo linabwerera m'malo. Sitinawapatse mayina, ndipo chakudya tinkaika iwo atabisala. Wantchito akalowa n'kuona onse athawira kuseri kwa masamba timalemba kuti zili bwino.

Pempho la banja lija

Ali kukhola lapanjako bambo aja anaimbanso.

"Achemwali, ana akundivuta. Simungatisiyireko awiri, wamkazi ndi wamphongo? Khola ndimanga ine."

"Achimwene, zimenezo sizingatheke. Ngakhale ine sindingapite naye kunyumba."

Chifukwa chake ndi lamulo. Cha m'ma 1900 wood duck anatsala pang'ono kutha chifukwa cha alenje ogulitsa nyama ndi nthenga, komanso kudulidwa kwa mitengo ikuluikulu ya m'madambo. Dambo lalikulu la Kankakee, limene linkayambira kufupi ndi South Bend pomwe pano, linaumitsidwa m'zaka zomwezo kuti pakhale minda. Lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 litabwera, kusaka wood duck kunaletsedwa m'dziko lonse mpaka 1941. Mu 1937 akatswiri anayamba kupachika mabokosi oikiramo kumalo otetezera nyama zam'tchire a Chautauqua, m'chigawo cha Illinois, ntchito imene katswiri wa abakha Frank Bellrose anaipitiriza zaka zambiri. Lero achulukanso, moti mlenje wachiphaso kuno amaloledwa 3 patsiku m'nyengo yake, koma lamulo lija likugwirabe ntchito. Munthu wamba amaloledwa kunyamula mbalame yovulala kapena yamasiye kupita nayo kwa wachiphaso, osati kuisunga. Ifenso timafunika ziphaso ziwiri, cha boma la Indiana ndi cha U.S. Fish and Wildlife Service, nthambi ya boma la America yoona za nyama zam'tchire, ndipo mbalame sitiisunga kupitirira masiku 180 popanda kupempha.

Njira yowetera wood duck pakhomo ilipo, ndipo ndinawafotokozera. Amagulidwa kwa oweta ovomerezeka, oswedwa m'khola. Aliyense amaikidwa chizindikiro asanakwane masabata 6: kudulidwa kachala kakumbuyo ka phazi lamanja, kudulidwa nsonga ya phiko limodzi, mphete yopanda msoko pamwendo, kapena nambala yodindidwa pa kachikopa ka pakati pa zala. Wogulitsa amakupatsa kope ya fomu 3-186, yoti uisunge nthawi yonse imene uli ndi mbalameyo. Palinso malamulo a chigawo ndi a mzinda okhudza ziweto pakhomo, oyenera kufunsa usanagule thabwa ndi limodzi lomwe. Ineyo ndimakonda mphete ndi khola ladenga kuposa kudula phiko, chifukwa bakha ameneyu moyo wake ndi wotera m'nthambi.

Kholalo si lotchipa. Pamafunika waya wolimba wa maso ang'onoang'ono wokwiriridwa pansi kuopa raccoon ndi mink, tinyama takuno togwira abakha, dziwe losavuta kukhuthula ndi kutsuka, zitsamba zobisalamo, ndi bokosi loikiramo lokwezeka lokhala ndi kamakwerero. Ndipo ngakhale woswedwa m'khola sakonda kugwiridwa. Wamphongo ndi wokongola mogometsa, mutu wobiriwira wa litsumba, diso lofiira, mizera yoyera kukhosi, koma ndi mbalame yoonera patali. Ana ofuna bakha wowatsata pambuyo ndi wodya pamanja angasangalale ndi abakha oweta ngati Pekin. Amene muli ku Britain ndi ku South Africa mwina munamuonapo m'makola a okonda mbalame pa dzina la Carolina. Ku England ndi ku Wales kumutayira kutchire ndi mlandu.

Bambowo anasankha kukhoma bokosi loikiramo, kuti aliimike pa chitsulo kwa mnzawo amene malo ake amafika kumadzi. Khomo lake limakhala masentimita 10 chopingasa ndi 7.5 choimirira, lokwana bakha koma lothina kwa raccoon. M'kati mumathiridwa zopala za matabwa zofika masentimita 10, chifukwa thadzi silituta udzu, ndipo kunsi kwa khomo kumakhomedwa kawaya kokwererapo ana. Pa chitsulocho pamafunika lata lopindidwa mozungulira lotchinga zokwera. Liyenera kukhala litaima pofika Febuluwale, abakha asanabwere kuchokera kumwera mu Malichi.

Kuwamasula

Wood duck amayamba kuuluka pakati pa masabata 8 ndi 10. Kumapeto kwa Julayi onse 6 ankauluka kuchoka pansi kukatera panthambi yapamwamba popanda kuphonya, uja wa bandeji yemwe. Aliyense anali atapitirira magalamu 500. Akatuluka m'dziwe madzi ankangogubuduka panthenga, kukhungu kuli gwaa. Amphongo 4 ankadziwika kale ndi mizera yoyera yokwera m'masaya, aakazi 2 ndi choyera chozungulira diso. Dokotala anawapima komaliza ndipo sanapeze chizindikiro cha matenda.

Malo tinasankha ndi chilolezo cha mwini wake: dambo la mitengo chakumwera kwa mzinda, madzi osaya odzaza duckweed, zitsamba zomera m'madzi, mitengo ya oak imene njere zake abakhawa amadya ikayamba kugwa, komanso kutali ndi msewu. Chachikulu n'chakuti kunali kale ma wood duck ena, oti atsopanowa awatsate pofuna chakudya ndi pogona, ndiponso ulendo wa kumwera ukadzafika. Tinapita m'mawa kuti akhale ndi tsiku lonse lozolowera malo kadzidzi asanatuluke. Titatsegula bokosi anayi anauluka nthawi yomweyo kulowa m'mitengo, awiri anasambira kulowera m'zitsamba.

Mallard uja tinamumasula tsiku lomwelo, koma padziwe lina lopanda mitengo yambiri kumene kuli anzake a mtundu wake.